KOMWE NDIMADYA NDIKALOWA MU BLANTYRE

Anzanga a ku Makawa, Msaka, Chembe mpaka ku Malembo, landirani moni kuchokera kuno kwa Nthache ku Mwanza. Kuno kulibe bwato kapena chilimira, kuli mapiri, manachesi ndi mathiraki opita ku Zobue. Ambiri mumandifunsa kuti mukabwera ndi matumba a usipa ku Blantyre muzidyera kuti. Lero ndiyankhe pakamodzi.

Ine ndimapita mtauni kawiri pamwezi kukaoda nsomba zodzagulitsa kuno. Ndimadzera ku Zalewa, Lirangwe, Lunzu, nkutsika pa Wenela. Malo anga onse alibe chikwangwani. Amafuna miyendo ndi mphuno.

Oyamba ali mumsika wa Limbe, kuseri kwa ogulitsa nsomba zouma. Kuli chiyimilire cha mayi wina wa kwathu ku Mangochi. Utaka wake amauphika ngati kwathu: tomato, anyezi, mchere, mafuta pang'ono, basi. Ukangonena kuti ndiwe wa kunyanja amakufunsa za mwera, kenako amakuonjezera msuzi. Nsomba amagula kwa ife tomwe, ndiye ndalama ya mbale ija imabwerera kwa bambo ako pa doko.

Achiwiri ali ku Ndirande. Musaope dzina, aise. Lowani mumsika masana, funsani komwe kuli mang'ina. Mphikawo umakhala pamoto kuyambira mbandakucha, ikamakwana 2 koloko watha. Pafupi pake pali agogo a thobwa la mawere lenileni, losathira madzi.

Madzulo ndi pa Kamba. Mabala akutsogolo ndi a anthu a magalimoto. Ine ndimazungulira kumbuyo kwa anyamata a kanyenya, nkukhala pa benchi kumvera mkangano wa Bullets ndi Noma. Koma tamverani: botolo limodzi kapena awiri, nyamukani. Ndaona mnyamata wa kwathu atagulitsa matumba asanu ku Limbe, usiku umodzi mpamba wonse nkuthera pa tebulo la anthu osawadziwa. Kumudzi bambo ake ankadikira ndalama ya mafuta a injini ndi yolipira alovi. Nyanja inatsekedwa mu Novembala banjalo lilibe kanthu.

Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chinakwera, thiransipoti, malasha, mafuta ophikira. Phindu la thumba limodzi ndi lochepa kale. Ukalisiya mu lesitilanti ya magalasi, wagwirira ntchito eni nyumba.

Kutchipa kokha sikokwanira ayi. Kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo kunyanja tinaika maliro ambiri. Musanakhale pansi yang'anani zitatu: madzi osamba m'manja akhale othira kuchokera mu jagi, osati beseni limodzi la aliyense, ndiwo zichoke pamoto mukuona, mbale zisatsukidwe m'madzi akuda. Pomwe pakudya makondakitala ndi amayi a mumsika tsiku ndi tsiku, pamenepo mpabwino, chifukwa chakudya sichigona.

Chomaliza, chambo cha mu hotela musachisirire. Ife tinakula tikudya chongovuula kumene. Mtauni idyani kuti mukhute, ndalama ifike kunyumba.

Amene mukudziwa malo ena ku Bangwe kapena ku Chirimba, tiuzeni. Tumizaninso kwa mafana omwe akuyamba geni chaka chino.

Ndatha ine wanu,
Mwana wa msodzi, kwa Nthache