Maseŵero Opanda Wopambana

Ambirife tinazoloŵera kuganiza kuti maseŵero a pa kompyuta amangotayitsa ana nthaŵi. Koma m'chaka cha 2016 Ryan ndi Amy Green a ku America, pamodzi ndi anzao oŵerengeka, anatulutsa maseŵero otchedwa That Dragon, Cancer, pokumbukira mwana wao Joel amene anamwalira ndi khansa mu 2014 ali ndi zaka 5.

Woseŵerayo amapezeka m'chipatala usiku, mwana alikulira. Akampatsa chakumwa, asanza. Palibe chomtonthoza kufikira atate ake, nzeru zitaŵathera, apemphera.

Titaseŵera tinagwidwa manyazi, ife amene timathamangira kuuza anamfedwa mau okonzeratu. Abale, chisoni cha mnzathu sitichigonjetsa ndi luso ai. Chotiyenera nkukhala naye pansi mpaka kuche.