Ndikusaka mapulani a Shamrock

Malemu bambo anga ankathira malasha m'sitima ku Limbe. Atatisiya, ndinalumbira kuti ndidzapanga ndi manja angawa kasitima kofanana ndi Shamrock, injini yakale ija ili ku Chichiri Museum.

Ndinayamba ndi zithunzi ndi tepi yoyezera. Njanji zathu n'zotalikirana mamilimita 1,067. Kugawa ndi 24, zakanga zikhala pafupifupi 44.5. Masamu osavuta, si ndine mphunzitsi wake? Koma ntchito ya miyezi inayi inathera kudzala. Chithunzi chimanama, abale. Chimaonetsa khungu lokha, koma zam'mimba, monga mapaipi a m'boyila ndi zitsulo zoyendetsa mavavu, chimabisa.

Ndiye ndinalembera kalata kumalo ena osungira zolemba zakale ku England, poti injiniyi inapangidwa ndi kampani ya W. G. Bagnall ku Stafford. Anandiyankha mwaulemu kuti dzina lokha silikwanira, nditumize nambala imene injiniyo inapatsidwa kufakitale. Nambalayo ndiyo imalozera ku mapulani enieni.

Loweruka ndibwereranso ku Chichiri ndi tochi kukaifufuza. Ana a Fomu 3 akundiseka, ati aphunzitsi ayamba zidole. Aseke. Bambo sitima ankaidziwa m'kati, ndiye ine ndiwapangire chigoba?