Mabisiketi a manachesi mu poto wakutha labala

Sabata yatha ndinalemba za mavenda amene akubwera kudzatigula manachesi pa mtengo wolira nawo, koma ambiri m'malo moyankha za mavendawo munatanganidwa ndi mbale ya mabisiketi imene inaoneka pachithunzi paja, pambali pa dengu. Ena mpaka kundiseka kuti mdala wa ku Mwanza wayamba kudya za m'shopu. Ayi ndithu, amene aja ndi ophika pakhomo pano, pa mbaula. Nkhani yake ndi yaitaliko, ndiye khalani pansi.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti aNaphiri, mayi a kunyumba kwanga, anali munthu wa geni. Zaka zoposa 20 akukazinga mandasi ndi zitumbuwa, kukagulitsa kumsewu wopita ku boda. Ine ndimalima, inde, koma ndalama ya manachesi imabwera kamodzi pachaka, nyengo yozizira ino basi. Miyezi ina yonseyo sopo, mchere, makope a ana, zinkachokera m'chiwaya cha aNaphiri. Sindichita manyazi kunena.

Ndiye paja chakudza sichiimba ng'oma. Mu Okutobala 2022, m'mawa akusesa pabwalo, ndinangomva tsache lagwa. Kuthamangira, ndinawapeza ali pansi, pakamwa patapotoka, mawu osamveka. Kuchipatala anati ndi sitiroko, BP inakwera ife osadziwa. Mulungu ndi wabwino, anadzuka, akuyenda, akuyankhula. Koma dzanja lamanja linatsala lofooka. Kapu amagwira, koma kukanda mtanda wa mandasi sangathe. Za mafuta owira ndinawaletsa ndine, tsiku lina atatsala pang'ono kudzikhuthulira chiwaya pamiyendo.

Dzanjalo ndinalizolowera msanga. Chimene chinkandisowetsa tulo ndi kukhala chete kwawo. Munthu woti ankadzuka tambala woyamba, kukoleza moto uku akuimba za kwaya, anayamba kumangokhala pakhonde kuyang'ana nkhuku tsiku lonse. Mng'ono wawo akabwera kudzatiphikira nsima, iwo n'kumati asanduka mlendo pakhomo pawo pomwe. Usiku wina anandiuza kuti, "Abambo, ngati mwatopa nane nenani. Pitani kwanu, manachesi anuwa muzidzathyola, palibe adzakuletseni." Paja ine kuno ndi mkamwini. Sindinayankhe. Ndinatuluka panja ngati ndikukaona mbuzi, koma mbuzi zinali bwinobwino.

Tsopano ndikuuzeni za poto. Mwana wathu woyamba, Mphatso, amagwira ntchito yam'nyumba kwa amwenye ku Lenasia, ku Joni. Mu 2019 anatitumizira pa basi poto wa pulesha, uja wa chivundikiro chomanga, wokhala ndi labala m'mbali ndi kachitsulo kolira pamwamba. Tsiku loyamba atalira, ana a neba anathawa kuti kwa aNaphiri kuli bomba. Koma anali poto wabwino. Nyemba zodya nkhuni theka la tsiku zinkapsa ola lisanathe. Patapita zaka ziwiri labala uja anauma n'kung'aluka, nthunzi n'kumatulukira m'mbali. Ndinafufuza pa boma, ndinatumizako munthu ku Limbe, saizi yake osapezeka. Poto anasanduka mosungira mbewu ya nandolo kuseri kwa chitseko.

Mu Juni chaka chatha Mphatso anaimba pa WhatsApp. Nditamuuza mmene amake akukhalira, anakhala kaye chete, kenako anati, "Ababa, poto uja alipo?" Ndinati alipo koma anafa. Iye anati agogo a m'nyumba imene amagwiramo, amene anakulira ku India, amati kwawo anthu ambiri analibe uvuni, makeke ndi mabisiketi ankaphikira mu poto ngati yemweyo. Amachotsa labala, amachotsa kachitsulo kolira kaja, pansi n'kuthirapo mchere kapena mchenga. Ndiye kuti labala amene ndinavutika kumusaka uja, pa ntchito iyi safunika n'komwe.

Anatinso pali mtundu wa bisiketi umene azungu amati shortbread, wochokera ku Scotland, kwawo kwa Livingstone uja tinkaphunzira ku pulayimale. Safuna dzira, safuna yisiti, safuna madzi. Ndipo ukaukanda mwamphamvu ngati mandasi umalimba, umafuna dzanja laulesi. ANaphiri anali pambali kumvetsera. Ndinangomva, "Dzanja laulesi ndiye ndili nalo. Ine ndi potoyo tonse inatipweteka ndi pulesha." Abale, kanali koyamba kuwamva akuseka chidwalireni.

M'mawa mwake ndinagulitsa madengu awiri a manachesi n'kukagula fulawa, shuga ndi majarini. Mukukumbuka mmene zinthu zinakwerera ndalama yathu itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndikulipira majarini uja mtima unkandiuza kuti iwe, iyi ndi ndalama ya feteleza.

Ulendo woyamba tinalephera, ndipo wolakwa ndine. Nthawi itakwana ndinatsegula, kukhudza ndi chala, ndinaona ofewa. Ndinati sanapse awa. ANaphiri anati chotsani, fungo lakwana. Ine makani, ndinavundikiranso n'kuwonjezera makala. Titatsegulanso, pansi ponse bii, owawa ngati khofi wopanda shuga. Ngakhale galu ananunkhiza n'kuchoka. Tsiku limenelo sitinayankhulane mpaka madzulo. Kenako Mphatso anatiuza kuti mabisiketi amenewa amatuluka pamoto ali ofewa, amalimba akazizira. Mayi ananena zoona.

Kunjaku nako kunali nkhani. Anzanga a pa bawo atandiona ndikusefa mchenga ndi sefa ya ufa, ufa wa fulawa uli mbuu m'malaya, anati basi mkuluyu anamudyetsa khuzumule. Ndinawauza kuti ngati ndi khuzumule ndiye anachedwa kugwira ntchito, zaka 31 zonsezi. Lero omwewo ndi amene amafunsa ngati pali ophwanyika oti alawe.

Kwa amene mukufuna kuyesa, nayi njira imene ife tinakhazikika nayo titawononga kokwanira.

Majarini wa magalamu 250, makapu atatu a fulawa, shuga theka la kapu n'kuwonjezera pang'ono. Shuga wathu uja ndi wamiyalamiyala, ndiye timayamba tamusinja mu kamtondo kuti asalale, apo ayi amachita kulumika m'mano. Mchere osathira, m'majarini ulimo kale. Kenako makoko. Apa ndi pamene pagona fungo lonse, makoko omwe aja timataya pansi pa mtengo. Ndimu ndi wosavuta, ndinaboola chivundikiro cha chitini ndi msomali, timangopalapo khungu lakunja lokha. Musafike pa choyera cham'kati chija, chimawawa. Nachesi ndiye savomera kupala chifukwa khungu lake ndi lofewa, ndiye timasenda, kupala choyeracho ndi mpeni, n'kuduladula tating'onoting'ono ngati fodya wa m'mphuno. Manachesi atatu ndi ndimu mmodzi zimakwana. Madzi a ndimu supuni imodzi yokha. Tinayesapo kuthira ambiri poganiza kuti akoma kwambiri, mtanda unachita phala ndipo mabisiketi anatuluka olimba ngati chikonde cha dzana.

Ine ntchito yanga ndi kutakasa majarini ndi shuga ndi mthiko mpaka ziyere, chifukwa pamenepo pamafunika mphamvu. Kuchoka apo ndimapatsira eni ake. Amathira makoko aja, kenako fulawa pang'onopang'ono, akufikisa ndi nsonga za zala mpaka zioneke ngati zinyenyeswa, n'kuzisonkhanitsa pamodzi. Osakanda. Mtanda ukafewa kwambiri timauika m'mbale pamwamba pa mtsuko wa madzi kuti uzizire. N'chifukwa chake timaphika m'mamawa, ndipo Juni ndi Julayi ndiye miyezi yake. Mu Okutobala majarini amasungunuka usanayambe n'komwe. Amaupapatiza ndi chikhatho kukhuthala ngati chala chaching'ono, kudula ndi kukamwa kwa tambula yaing'ono, n'kubaya ndi foloko kawiri. Kubayako amachita ndi dzanja lodwala lija. A kuchipatala anati azilipatsa ntchito, ndiye ntchito yake ndi imeneyo.

Poto ndiye mumvetsetse bwino, chifukwa apa pali ngozi. Labala achoke. Kachitsulo kolira kaja kachoke, bowo lapamwamba likhale lotsegula. Madzi musathiremo ngakhale dontho. Mukasiya zinthu ziwirizi pa poto wouma, labala apsa, ndipo mukhoza kudzipweteka. Ngati poto wanu ndi wabwinobwino, amene mumaphikira nyemba, ine ndingati musamuvutitse, chifukwa moto wopanda madzi umamudetsa ndi kumufooketsa pansi. Ntchito iyi ndi ya poto wopuma pantchito. Amene mulibe, poto aliyense wokhuthala wa chivundikiro chabwino akhoza, monga mmene amayi athu amaphikira chigumu.

Pansi timathira mchenga wa kumtsinje, wotsuka, wouma bwino ndi wosefa, kuzama ngati zala ziwiri. Pamchengapo timaika timiyala titatu tofanana, timafuwa tating'ono, n'kusanjikapo mbale yachitsulo. Mbale isakhudze mchenga. Timavundikira poto ali wopanda kanthu mphindi 10 kuti atenthe, kenako n'kuika mabisiketi. Makala akhale ochepa, oti ayamba kuchita phulusa pamwamba, osati lawilawi. Mphindi 20, nthawi zina 25, ndimaonera pa foni. M'mbali mukangoyamba kufiirira, pamwamba pakadali poyera, chotsani. Musachite makani anga aja. Asiyeni pambale azizire osawagwira. Mbale yathu imalowa asanu ndi atatu, ndiye mtanda umodzi timaphika maulendo anayi kapena asanu. Ndi ntchito ya m'mawa wonse.

Tsopano za phindu, ndisakunamizeni. Simungamange nyumba ya malata ndi mabisiketi. Majarini amadya pafupifupi theka la ndalama yonse, ndipo mwana wasukulu amene ali ndi kandalama kochepa asankha chitumbuwa chifukwa chimakhutitsa. Amene amatigula ndi aphunzitsi, anamwino, anthu akatuluka m'tchalitchi Lamulungu, ndi madalaivala a mathiraki amene amagona pa boda kudikira mapepala. Mdzukulu wathu amapita nako kabigiri Loweruka. Dalaivala wina wa ku Zimbabwe anagula onse tsiku lina, akuti akanunkhiza akukumbuka kwa agogo ake. Zotsala tikachotsa zogulira zimakwana sopo, mchere, ndi ya kabaza yopita kukatenga mankhwala a BP mwezi ndi mwezi. Manachesi oola pansi pa mitengo ndiye akadali ambirimbiri, mabisiketi sangamalize. Nkhani ya mavenda ija ikadalipo, tidzaibwereza.

Koma ndalama imeneyo ikabwera, mdzukulu sapereka kwa ine. Amapereka kwa agogo ake aakazi, iwo n'kumanga pa nsonga ya chitenje monga kale. Mwezi watha ndinawapempha yogulira mabatire a wailesi, anandifunsa mafunso ngati ndili kubwalo la amfumu, kenako n'kundipatsa yosakwana. Ndinachoka ndikung'ung'udza, koma m'mtima ndinati eya, abwerera.

Eni akewo sadya kwambiri, a dokotala analetsa zamafuta ndi zamchere. Amangolawa theka la imodzi kuti amve ngati ndimu wakwana, theka linalo n'kundipatsa. Za kupita kwathu zija sanazitchulenso, inenso sindinazifunse.

Mphatso akubwera pa Khirisimasi, patha zaka zinayi tisanamuone. Wanena kuti wapeza labala wa saizi yake ku Joni, abwera naye. Amake amuyankha kuti abwere ndi poto wina ngati akufuna nyemba, uyu ali kale pa ntchito.

Anzanga a zaka zathuzi, mukapita ku boma kapena ku chipatala chaching'ono, pemphani akuyezeni BP ngakhale simukumva kupweteka paliponse. Ife sitinadziwe mpaka tsache linagwa.

Ndasiyira pomwepa, akundiitana. Akuti mchenga wada, ndikatenge wina kumtsinje dzuwa lisanalowe. Amene muyese, mundiuze mmene zayendera, makamaka a ku Neno amene muli ndi malalanje, ife sitinayesepo. Mukhale bwino nonse.