Mtsuko unachoka furiji isanafike

Kwathu ku Ntcheu, m'zaka za m'ma 1980, madzi oundana tinkawaona pokhapokha kukagwa matalala. Ana tinkathamangira pabwalo kukatola timiyala toyerato, koma pofika pakhonde tinali titasungunuka kale, chikhatho chitachita dzanzi. Masiku ena onse madzi tinkawadziwa a pachitsime ndi nthunzi yotuluka mumphika, basi.

Komatu madzi ozizira tinkamwa. M'nyumba mwa agogo munali mtsuko waukulu wokhazika pamchenga wonyowa, wovindikira ndi mbale, chikho chili pamwamba. Ukaugwira kunja, dzanja linkabwerako ndi chinyezi. Dothi lowotcha lili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Madzi amadutsamo pang'onopang'ono, ndipo akafika kunja amasanduka nthunzi n'kupita ndi mphepo. Kuti asanduke nthunzi amafuna kutentha, ndiye amakulanda kumtsuko ndi kumadzi otsala m'katimo, monga momwe thukuta limaziziritsira thupi. N'chifukwa chake mtsuko unkaonetsa mphamvu zake mu Okutobala, mpweya uli wouma, kusiyana ndi mu Januwale kunja kuli chinyontho. Agogo sankalola kuti mtsuko wa madzi akumwa upakidwe penti. Ankati ukatero umaleka kupuma.

Furiji yoyamba ndinaiona kuchipatala chaching'ono cha kwathu, nditaperekeza amayi kusikelo ya mlongo wanga. Inali yoyendera palafini. Pansi pake pankayaka kalawi kakang'ono, koma m'kati mosungira katemera munali mozizira, ndipo m'chipinda cha pamwamba munali mabotolo a madzi ouma gwa. Zoti moto ungabale chisanu zinandikhala kumtima mpaka kusekondale, komwe ndinamvetsa. Kalawiko kankawiritsa madzi osakaniza ndi amoniya. Amoniyayo ankakwera ali mpweya, akapola m'mapaipi a kumbuyo ankasanduka wamadzimadzi, ndipo akalowa m'katimo ankasandukanso mpweya, akumwa kutentha konse kwa m'bokosimo. Furiji za magetsi zimachitanso chimodzimodzi, kungoti ntchito ya kalawi imagwiridwa ndi kainjini kofinya mpweya. Zambiri za masiku ano zimagwiritsa ntchito isobutane, amene amawira pa madigiri pafupifupi 12 pansi pa ziro. Kutentha kochotsedwa m'katiko kumakatayidwa kumbuyo, mwa ichi kumbuyo kwa furiji kumakhala kofunda.

Nzeru ya mtsuko ndi ya furiji ndi imodzi. Mtsuko umataya nthunzi yake kumphepo, pamene furiji imaigwira n'kuibwezera poyambira.

Magetsi atafika pamsika wathu, ayezi anasintha zambiri, ndipo ine ndine mmodzi wa okondwera. Amayi anapeza geni ya mafilizesi ndi thobwa lozizira, ana asukulu akudikirira pageti ndi timakobidi m'manja. Anaphunziranso msanga kuti botolo silidzazidwa mpaka pakamwa, pakuti madzi akaundana amafufuma ndi magawo pafupifupi 9 pa 100 n'kuling'amba. Katemera, amene wambiri amafuna kukhala pakati pa madigiri 2 ndi 8, lero amasungidwa m'mafuriji a sola m'zipatala zambiri za kumudzi, popanda wina kudzuka usiku kukaona ngati kalawi kazima.

Koma kusintha kwakukulu ndinakuona pa ndiwo. Kale nsomba za kunyanja zinkatipeza zitachotsedwa madzi: usipa woyanika pathandala, chambo ndi milamba yowamba. Nyama yotsala tinkaifutsa pamoto, masamba a nyemba ndi nkhwani n'kukhala mfutso. Kusunga chakudya kunali kuchotsamo madzi, ndipo ntchitoyo inali ya dzuwa ndi nkhuni. Tsopano chambo chimakwera phiri kuchokera ku Mangochi chili chachiwisi, chitagona m'mabokosi a ayezi, makha ake ali ofiira bwinobwino. Mphamvu ya ayezi ili pa kusungunuka kwake. Kilogalamu imodzi kuti isungunuke imamwa kutentha kokwanira kutenthetsa madzi olemera chimodzimodzi kuchoka pa 0 kufika madigiri 80, ndipo nthawi yonse imene ikusungunuka imakhalabe pa 0. Wogulitsa nsomba akamafunditsa bokosi lake masaka, akuchedwetsa kusungunukako kuti afike nako kumsika.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kuzizira kwatsopanoku sikunafikire aliyense, chikhalirecho kwakale kuja tinakutaya tonse. Kalembera wa 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha pa 100 zilizonse m'Malawi zinali ndi magetsi a pawaya. Ngakhale ali nawowo anaona kufooka kwake mu Januwale 2022, namondwe Ana atagumula damu la ku Kapichira pamtsinje wa Shire. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. M'nyumba mwanga m'tauni, furiji inkangochucha madzi pansi, ndipo nyama tinayambanso kuifutsa pambaula ngati kale.

Pitani kumudzi lero mukapemphe madzi akumwa masana a mu Okutobala. M'nyumba zambiri akutungirani mundowa ya pulasitiki kapena m'chigubu chomwe munali mafuta ophikira. Sindikuwaweruza amayi amene anasankha pulasitiki: ndi yopepuka pamutu, ikagwa siisweka, ndiponso ndowa ya kampopi imateteza madzi ku manja akuda kuposa mtsuko wotungamo ndi chikho. Koma pulasitiki siichucha, choncho palibe nthunzi yochotsa kutentha, ndipo madziwo amakhala ofunda ngati a m'bafa. Banja lotero lilibe furiji, lilibenso mtsuko. Chimene chimandiletsa kuvomereza kuti zimenezi n'chitukuko ndi chakuti mtsuko wa pakamwa pang'ono, woikidwa kampopi m'munsi, ungapereke zonse ziwiri, ukhondo ndi kuzizira, popanda waya kapena palafini.

Woumba mmodzi yekha ndiye watsala m'mudzi mwathu, mayi wachikulire amene maso ayamba kumuvuta. Anthu amamuitanitsa timiphika ta mbaula ndi todzalamo maluwa. Mitsuko ya madzi amaumba pokhapokha wina akapereka ndalama pasadakhale, ndipo mwa adzukulu ake onse palibe amene akupita naye kudambo kukakumba dothi.