Thonje la Alangizi, Makutu a Akabaza

Kalekale njinga zamoto zinali zowerengeka, ndipo mudzi unkazidziwa ndi kalilidwe kake. Inalipo ya mkulu wa alangizi a zaulimi, ya bambo mfumu a ku parishi, mwinanso ya woyendera sukulu. Ikangomveka kutsidya kwa dambo, ana ankasiya phada n'kuthamangira kumsewu, amayi ali pamtondo n'kumati, "Amenewo ndi abambo, alangizi sabwera Lachiwiri." Fungo la utsi wake linkatsala m'njira, ana n'kumalinunkhiza mosangalala.

Okwera a masiku amenewo anali anthu odzisamala. Yamaha kapena Honda yawo ankaipukuta m'mawa uliwonse, atavala jekete lochindikala, magolovesi ndi helemeti yomanga pachibwano. Ena asananyamuke ankang'amba kathonje n'kutseka m'makutu. Ukawafunsa ankati akuopa fumbi ndi mphepo ya chiperoni, za phokoso sankazitchula n'komwe. Ogwira ntchito pachigayo ankachitanso chimodzimodzi. Nawo madoda amene anabwerako ku migodi ya ku Joni, aja tinkawalankhula mokuwa, tinkangoti akalamba. Palibe ankaganiza kuti makutu awo anatsala pansi pa nthaka, pamene ankabowola miyala.

Kunena zoona, thonje silitchinga phokoso kwenikweni. Chimene chinkapulumutsa alangizi aja ndi msewu. Pamsewu wafumbi, wamabampu ndi mchenga, munthu sankathamanga. Ulendonso unali waufupi: akafika ankazimitsa injini, n'kukhala pansi pa mtengo ndi alimi mpaka dzuwa kupendeka. Makutu ankapuma.

Lero zinthu zinatembenuka. Kuyambira zaka za m'ma 2010, kabaza amene tinkamudziwa ndi njinga yakapalasa anakwera yamoto. Lifo, Kinglion ndi Boxer zadzaza ku Limbe, ku Area 25, ku Mzuzu, mpaka pa kamsika kalikonse m'mbali mwa M1. Mnyamata amayamba kunja kusanache n'kuweruka usiku, poti mwini njinga akudikira ndalama yake ya tsikulo. Ena amachita kuboola ekizozi dala kuti anthu atembenuke akamadutsa.

Koma pa phula mdani wamkulu wa khutu si injini ayi, ndi mphepo. Liwiro likafika makilomita 60 pa ola, mphepo yowomba m'munsi mwa helemeti imachita phokoso la madesibelo pafupifupi 90, ndipo pa makilomita 100 limayandikira 100. Akatswiri a zaumoyo pa ntchito amati khutu lingapirire madesibelo 85 kwa maola 8, ndipo madesibelo atatu aliwonse owonjezera amadula nthawiyo pakati. Pa 91 ndi maola awiri okha, pa 100 ndi mphindi 15 basi. Tsono ganizirani munthu amene wanyamuka ku Lilongwe kupita ku Dedza osaima. Helemeti imateteza mutu, ndipo aliyense ayenera kuvala, koma phokoso la mphepo imalichepetsa pang'ono chabe.

M'kati mwa khutu muli timaselo tokhala ndi titsitsi tosaoneka ndi maso, timene timalandira mawu. Tili ngati udzu wa m'njira ya kuchitsime: ukaupondako kamodzi umadzuka, ukamapondedwa tsiku ndi tsiku umatheratu. Timaseloti tikafa sitimeranso. Chenjezo loyamba ndi kulira kwa m'makutu kuja, kwakuti nziii, munthu akagona usiku. Kenako amayamba kumva mawu koma osagwira zimene zikunenedwa, makamaka pagulu, ndipo kunyumba amayamba kumunena kuti wayamba mwano.

Chimene chimandimvetsa chisoni n'chakuti m'malo mwa thonje, anyamata a lero aikamo mahedifoni. Mphepo ikakula, iwo amakweza nyimbo kuti iipose. Bola thonje la alangizi lija, silinkathandiza koma silinkawonjezeranso vuto.

Chonsecho zotsekera m'makutu zenizeni zilipo, ndipo si zachilendo. Za phula, zoumba ndi zala, kampani ya Ohropax ya ku Germany inayamba kupanga kalekale. Za siponji, zachikasu kapena zaolenji zija, zinatulukira ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo zimapezeka m'mashopu ogulitsa zovala zodzitetezera pa ntchito ndi m'mafamase ena. Izi ndiye zotchipa, komanso zimatchinga kwambiri, zina kupitirira madesibelo 30 malinga ndi zolembedwa pa paketi. Vuto ndi kavalidwe. Ambiri amangozikhazika pakhomo pa khutu, zikatero sizigwira ntchito. Kasiponjiko mukapotokole ndi zala zoyera mpaka kaonde, dzanja lina lidutse pamwamba pa mutu likokere khutu m'mwamba, mukalowetse, ndipo mukagwirizize kwa masekondi 20 kapena 30 kuti kafufume. Kakada kapena kakasiya kufufuma, katayeni. M'fumbi lathu lino ndi zala za girisi, sikachedwa kuda.

Kwa wakabaza wa m'tauni, ine ndingasankhe za labala zokhala ndi kasefa pakati. Zimatsitsa phokoso ndi madesibelo pafupifupi 20, zimachapika ndi sopo, ndipo mawu a kasitomala amamvekabe akamati, "Aise, ndisiye pa chigayo apo." Posankha onetsetsani kuti zilibe kamchira katali, chifukwa helemeti ikakakankha khutu limapweteka, mapeto ake mudzaziponya m'thumba. Makutu a anthu ndi osiyana kukula, ndiye zimene zamukwana mnzanu pa siteji mwina inu sizikukwanani, ndipo si zobwerekana. Zopima pa khutu la mwini wake ziliponso, koma mtengo wake ndi wa mabwana oyenda maulendo ataliatali.

Ena amati ukatseka makutu sumva hutala ya minibasi. Nkhawayi ndi yomveka, ndipo n'chifukwa chake m'tauni sindilimbikitsa zotchinga kwambiri. Koma munthu wa makutu abwino akavala zapakatikati, hutala ndi sailini zimamvekabe, popeza mphepo imene imaziphimba nayo yatsika. Amene samva hutala kwenikweni ndi uja wakhala zaka zambiri pa njinga makutu ali pamtunda.

Inu eni njinga, amene mumalandira ndalama madzulo aliwonse, pogula helemeti muziwonjezerapo zotsekera m'makutu, mtengo wake sufika pa wa tayala. Ndipo iwe mnyamata amene makutu ayamba kale kulira usiku, usadikire kuti anthu ayambe kukukuwira. Ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre ndi cha ABC ku Lilongwe kuli akatswiri oyeza makutu, pita akakuone.