Limba Lakale la ku Nsungwi

Abale, ife a ku Nsungwi tiri ndi limba lakale lopopa ndi mapazi, limene ena afuna kulitaya popeza kunabwera malimba a magetsi. Koma ife titi likonzedwe. Zopondera ziwiri zipopa mvukuto. Ukang'ambika, timata ndi nsaru ya mphira. Mau aturuka m'timalilime tamkuwa. Tikatsekeka ndi pfumbi, tipukutidwe ndi nthenga, osati kupala ndi mpeni. Timitengo tokoka tisankha mau: kolembedwa Diapason kapatsa mau otsogolera nyimbo, ka Vox Humana kawanjenjemeretsa, ndipo thabwa la pabondo liwakuza. Odziwa izi atsala owerengeka, ndipo akalamba. Anyamata aphunzire msanga, pakuti magetsi akazima limbali liyimbabe.