Fungo la M'chidebe

Kuno ku Mulanje, Juni akafika, chiperoni chimatsika m'phiri ndipo madzi amazizira mpaka kuluma zala. Ife aphunzitsi a madrasa timatereka madzi pamoto kuti ana asachite mphwayi ndi wudhu wa m'bandakucha. Tsiku lina tinasakaniza madzi owira ndi a m'chidebe chomwe tinathiramo klorini, m'kachipinda kopanda zenera. Posakhalitsa ana anayamba kutsokomola, maso akuyabwa. Mmodzi anafunsa kuti, "Amwalimu, madziwa ndi oyera mbee, nanga fungoli likuchokera kuti?"

Tinachita manyazi, pakuti mankhwalawo tinathira mongoyerekeza ndi maso, osatsata muyeso.

Klorini sakhazikika m'madzi. Amatuluka pang'onopang'ono n'kulowa mu mpweya, ndipo madzi akatentha, akavundulidwa kapena kukhuthulidwa, amatuluka msanga. Panja mphepo imamumwaza, koma m'chipinda chotseka amaunjikana ndipo timamupuma. Akathiridwa m'madzi amatope, okhala ndi zinyalala za masamba ngati a mumtsinje wa Ruo nthawi ya dzinja, amapanganso mankhwala ena monga chloroform, amenenso amauluka ndi nthunzi.

Makolo ena atamva nkhaniyi anati tingosiyiratu klorini. Tinawamvetsa, koma sitinavomere. Sitinaiwale kolera amene anabuka mu 2022 n'kupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inu abale athu a ku Mangochi ndi ku Salima maliro ake munawaona ndi maso. Sitinaiwalenso Malichi wa 2023, pamene namondwe wa Freddy anakokolola zimbudzi ndi kuipitsa zitsime za kuno. Fungo la klorini wothiridwa pa muyeso limatha mukatsegula chitseko, pamene kolera angathe kupha mwana tsiku lisanathe.

Choncho tinasintha kachitidwe. Madzi amatope timayamba tawasiya adikhe ndi kuwasefa pa nsalu yoyera. Timathira muyeso umene alangizi a zaumoyo anatiuza, n'kudikira mphindi 30 tisanamwe. Chidebe cha madzi akumwa timachivundikira, chifukwa chikakhala pululu klorini amathawa ndipo majeremusi amalowanso. Madzi otentha timasakanizira pakhonde, ndipo kachipinda kaja tinakaboola zenera. Amayi otsuka zimbudzi tinawapempha kuti asamasakanize Jik ndi mankhwala ena otsukira, pakuti pamatuluka mpweya wowononga mapapo.

Mwana uja anabweranso ndi funso lina: kodi madzi onunkha mankhwala ndi oyenera wudhu? Tinamuyankha monga tinaphunzirira kukoleji, kuti klorini si najisi, ndipo madzi otere akadali madzi oyeretsa. Anagwedeza mutu, napinda manja a kanzu yake, n'kuyamba kusamba m'manja pafupi ndi zenera latsopanolo.